Yankho kwa achemwali pa za mwana wathu ndi mwayi wa kafukufuku ku boma

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Dzivarasekwa, mu Harare muno? Uthenga wanu ndaumva m'mawa ndili mu kombi, koma ndinaona kuti ndidikire kaye ndifike kunyumba kuti ndikuyankheni mtima uli m'malo. Mwanena kuti mwana wathu waona chilengezo choti boma la Zimbabwe likufuna achinyamata amene amaliza digiri kuti akaphunzire ntchito ya kafukufuku wa zaulimi, ndipo mwafunsa ngati kuli koyenera kuti alembe kalata pamene ndalama zimene amapatsidwa ndi zochepa, komanso ngati kuchokera kwathu ku Malawi sikumutsekera khomo. Ndayankhira dala pagulu pano kuti ana enanso amene ali pasukulu amve nawo.

Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene limatisowetsa tulo ife a kuno. Mukukumbukira kuti bambo athu atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ku Salisbury, imene lero ndi Harare, anakhala moyo wawo wonse ndi chitupa chachitsulo cholembedwa kuti ndi mlendo, ndipo ife ana awo, ngakhale mchombo wathu unagwera konkuno, tinatengera chilembo chomwecho. Koma malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anasintha zimenezi. Gawo 43 limanena kuti munthu amene anabadwira m'dziko muno malamulowo asanatuluke, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa chathuchi pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno. Choncho mwanayu asalowe m'ofesi ya boma mwamanyazi ngati wapakhomo la eni. Chimene ndikupempha n'chakuti usiku womwe uno mutenge chitupa chake muchiyang'ane bwinobwino. Ngati chikadali ndi chilembo cha mlendo, alawirire ku ofesi ya kalembera ku Makombe Building, atatenga satifiketi yake ya kubadwa, yaitali ija yokhala ndi mayina a makolo, pamodzi ndi zitupa zanu, akakonzetse tsiku lotsekera makalata lisanafike, chifukwa mwayi wambiri wa boma umafuna nzika, ndipo amene amasankha makalata amakhulupirira zimene zalembedwa papepala.

Pamene mukuyang'ana chitupacho, yalani mapepala ake onse patebulo, kuyambira satifiketi ya bungwe la mayeso la ZIMSEC mpaka digiri ya ku University of Zimbabwe ndi transcript yake, pepala la magiredi ake lija, muone ngati dzina lalembedwa mofanana paliponse. Mayina athu amavuta kuno. Mfunda ngati Phiri pena umalembedwa ndi h, pena popanda, ndipo chilembo chimodzi chimenecho chikhoza kuchedwetsa munthu milungu ingapo. Ngati pali kusiyana, akalumbire kwa wolumbiritsa anthu mwalamulo, Commissioner of Oaths, kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi. Makope onse akadinditse, ndipo asatumize mapepala enieniwo ayi. Ngati chilengezocho chafuna kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, apite msanga akadinde zala chifukwa situluka tsiku lomwelo. Kwa mphwathu uja amene anaphunzira ku Bunda, ku LUANAR, ndingowonjezera kuti digiri yochokera kunja imayamba yadutsa ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kuti aivomereze.

Tsopano ndifike pa kalatayo, pamene ine ndikuona kuti m'pamene pagona nkhani. Mukudziwa kuti ndagwira ntchito zaka zoposa 20 m'minda yoyeserera mbewu, ndipo ngakhale sindinali bwana wosankha anthu, makalata a ophunzira ntchito ankadutsa m'manja mwanga kawirikawiri chifukwa ndine amene ndinkakakhala nawo kumunda. Makalata ambiri ankafanana ngati mazira. Aliyense ankati ndi wolimbikira, ndi wokonda kuphunzira, amagwira bwino ntchito ndi anzake, ndipo ukawerenga khumi otere sukumbukira ngakhale imodzi. Kalata imene inkatiimitsa ndi imene inkatiuza chimene manja a munthuyo anachitapo. Mwana wathu, ndikulankhula ndi iwe tsopano. Chaka chako chomaliza unachita kafukufuku wa ntchembere zandonda m'chimanga, ndipo ndikukumbukira unabwera kuno nsapato zili matope, ukudandaula kuti mvula yakokolola zikwangwani za mapuloti ako, timinda toyesererapo tija. Zimenezo ndiye ulembe. Unene kuti unali ndi mapuloti angati, unabwereza kangati, unkawerenga mbozi masiku angati pa sabata ndiponso nthawi yanji, manambala ako unawasanthula ndi pulogalamu yanji ya pakompyuta, ndipo unapeza chiyani. Usabise chimene chinalakwika, koma unene m'chiganizo chimodzi mmene unachikonzera. Unenenso za chaka chako cha atachimenti, chija unakaphunzira ntchito udakali pasukulu: unali kuti, unagwira chipangizo chanji, ndani ankakuyang'anira. Tsamba limodzi lakwana, ndipo CV isapitirire masamba awiri.

Chinanso, kalatayo isonyeze kuti ukudziwa khomo limene ukugogoda. Kafukufuku wa zaulimi m'dziko muno ali ndi mbiri yaikulu. Mbewu ya chimanga ya SR52, imene inatuluka mu 1960 kuchokera ku siteshoni ya kafukufuku ya mumzinda uno, inali yoyamba padziko lonse mwa mtundu wake kugulitsidwa kwa alimi, ndipo inalimidwa kwambiri m'mayiko oyandikana nafe. Nthambi ya boma yoona za kafukufukuyu, imene timaitchula kuti DR&SS, likulu lake lili konkuno ku Harare, koma ntchito yake yamwazikana: Henderson ku Mazowe, Grasslands ku Marondera, Matopos kufupi ndi Bulawayo, ndiponso malo ofufuza za thonje ku Kadoma. Za fodya zili ku Kutsaga, kufupi ndi bwalo la ndege. Uwerenge za malo amene chilengezocho chatchula, udziwe mbewu kapena ziweto zimene amagwira, ndipo ulumikize luso lako ndi vuto limene akulimbana nalo. Ntchembere zandonda zatsopanozi zinalowa m'dziko muno mu 2016 ndipo sizinachoke. Chilala cha El Niño chinaumitsa minda kufikira kuti mu April 2024 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi. N'chifukwa chake masiku ano kukukambidwa kwambiri za mapira, mawere ndi mchewere, komanso za ulimi wa m'mayenje wa Pfumvudza. Ukalemba kuti ukufuna kuona mmene mbozi zimawonongera mapira poyerekeza ndi chimanga m'madera ouma, wowerengayo aona kuti pali munthu amene akuganiza kale za ntchito yawo. Koma ulembe zokhazo zimene ungathe kuziteteza pakamwa.

Achemwali, apa ndikuchenjezeni inuyo. Akamutenga, n'kutheka kuti sadzakhala mu Harare. Akhoza kumutumiza kutali, kumene basi imadutsa mwa apo ndi apo ndipo netiweki ya foni imavuta. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi sufuna mwana wamkazi agone kutali, koma ngati kalata yake idzanena kuti akufuna mumzinda mokha, wadzichotsa yekha pamndandanda. Mukambirane nkhani imeneyi m'nyumba kalata isanapite.

Ndikufuna ndikufotokozereni chimene ndinaona ndi maso anga, kuti mumvetse chimene anthu a kafukufuku amafuna mwa wophunzira ntchito. Chaka china nthawi yokolola tinali ndi mapuloti ambiri a chimanga, ndipo puloti iliyonse inali ndi thumba lake ndi kachikwangwani kake, kena mkati, kena kunja. Ntchito yake ndi yotopetsa: umakolola mizere yapakati yokha, umasiya ya m'mbali, umayeza pasikelo, umatonola pang'ono n'kuyeza chinyezi, kenako umalemba m'kabuku ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ndi thukuta. Tinali ndi mtsikana wina wophunzira ntchito. Dzuwa litapendeka, tonse titatopa, anabwera kwa ine atanyamula matumba awiri, milomo ikunjenjemera, n'kunena kuti zikwangwani za matumba awiriwo zinagwa pamodzi ndipo sakudziwanso kuti liti ndi la puloti iti. Palibe amene anamuona. Akanatha kungomangirira mmene akuganizira, manambala n'kulowa m'buku, ife osadziwa kanthu. Wasayansi amene ankatsogolera ntchitoyo anakhala chete kanthawi, kenako analemba m'buku kuti mapuloti awiriwo atayika, ndipo ntchito ya miyezi isanu pa mapuloti amenewo inathera pomwepo. Mtsikanayo analira njira yonse yobwerera. Koma chaka chitatha, pamene panapezeka ndalama zolembera munthu mmodzi pa pulojekiti ina, wasayansi uja anatchula dzina la mtsikana yemweyo, ndipo anandiuza kuti manambala a mwana ameneyu angawasainire osawayang'ana kawiri. Mbewu imene imatuluka m'mayesero otere imakafika kwa mlimi wa ku Mutoko kapena ku Gokwe amene wagulitsa mbuzi kuti aigule, ndipo nambala yabodza imodzi imakathera m'nkhokwe yake.

N'chifukwa chake, mwana wathu, akakuitana ku intavyu, usayese kuoneka wodziwa zonse. Adzakufunsa za kafukufuku wako yemwe uja, chifukwa chake unabwereza mapuloti, chifukwa chake unawasakaniza m'malo mowandandalika motsatana, ndiponso chimene ungachite utapeza nambala imodzi yosiyana kwambiri ndi zinzake. Ukafunsidwa chimene sukuchidziwa, unene mwaulemu kuti sunachiphunzire, kenako ufotokoze kumene ungayambire kuchifufuza. Utenge buku la kafukufuku wako m'manja. Anthu amene udzawatchule kuti akuchitire umboni akhale mphunzitsi amene anakuyang'anira ndi amene unali pansi pake ku atachimenti, osati ine amalume ako kapena abusa, ndipo uwapemphe kaye, uwatumizirenso chilengezocho kuti akaimbiridwa foni asadabwe.

Pa funso la ndalama, achemwali, sindikunamizani. Zimene amapereka kwa wophunzira ntchito kawirikawiri zimangokwana thiransipoti ndi chakudya, ndipo palibe lonjezo loti akamaliza adzamulemba ntchito yokhazikika. Safunsa anadya phula, choncho asanasaine afunse, ndipo mayankho akhale olembedwa: adzalandira zingati, mu ZiG, ndalama ya dziko lino imene inayamba mu April 2024, kapena m'madola a ku America, tsiku lanji la mwezi, ngati pali nyumba pasiteshoni, nthawi yake ndi yaitali bwanji, ndiponso ngati pomaliza adzapatsidwa kalata yofotokoza ntchito imene anagwira. Kalata yomalizayo ine ndimaiwerengera kuposa ndalamazo, chifukwa ndi imene adzaonetse pofunsira sukulu ya masters kapena ntchito ku makampani a mbewu. Maganizo anga ndi akuti alembe. Ndaona ana a digiri atakhala pakhomo zaka zitatu, zimene anaphunzira zikuzilala, mpaka kuyamba kuopa ngakhale kulowa mu labotale. Ngati thiransipoti idzavuta, ife a pagulu pano tisonkherana kwa miyezi yoyambirira, ndipo ine ndiyamba. Asaimirenso pa khomo limodzi: ayang'anenso zilengezo za SIRDC ku Hatcliffe, imene inakhazikitsidwa mu 1993 kuti izichita kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale, komanso za ZIMSTAT, bungwe la boma la ziwerengero, popeza manambala amawatha.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe mpaka lero, ndipo ndichinena kuti chisakuchitikireni. Mwana wanga woyamba atamaliza sukulu, munthu wina anandiimbira foni, akulankhula ngati wa mu ofesi, n'kunena kuti dzina la mwanayo lili pamndandanda koma pakufunika kandalama koti fayilo iyende. Chifukwa cha nkhawa ya ukholo ndinatumiza pafoni, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambalayo sinapezekenso. Mwayi weniweni wa boma sagula. Chilengezo chimene mwana wathu wachiona chazungulira pa WhatsApp, choncho achitsimikize kaye: aone ngati chatuluka mu nyuzipepala ya Herald kapena Sunday Mail, kapena pa tsamba la unduna womwewo kapena la Public Service Commission, ndipo ngati n'kotheka apite yekha ku ofesiko akafunse. Kalata akaipereka pamanja, apemphe kuti amudindire kope yake tsiku limene waperekalo. Akaitumiza pa imelo, mapepala onse akhale mu fayilo imodzi ya PDF yokhala ndi dzina lake, ndipo aitumize kukadali masiku atatu kapena anayi, chifukwa magetsi ndi intaneti za kuno mukuzidziwa.

Loweruka masana ndidzakhala pakhomo kuno ku Mufakose. Abwere ndi chilengezocho, mapepala ake onse, buku la kafukufuku wake ndi kalata imene wayamba kulemba, ngakhale ikhale yosamaliza, tidzaiwerenge limodzi mzere ndi mzere. Inu achemwali, mukachiona chitupa chija usiku uno, mundiuze pompano chimene chalembedwapo, kuti ngati kuli kopita ku Makombe ndimuperekeze Lachinayi m'mawa.