"Zimenezo sizibwera pamayeso"

Chemwali wina yemwe akuphunzira unamwino wanditumizira imelo. Akuti aphunzitsi awo anangoti transcription, kukopera uthenga wa chibadwa wosungidwa mu DNA kukhala RNA, imachitika mu nucleus, kachipinda ka m'kati mwa selo kosungiramo DNA. Iye atafunsa kuti pati penipeni, anamuyankha kuti zimenezo sizibwera pamayeso.

Chemwali, yankho limenelo landiputa. Nanenso ndinaleredwa nalo. Kusekondale aphunzitsi athu ankajambula chozungulira pabolodi, kudonthezamo kadontho ndi choko, n'kuti "koperani". Tsiku lina ndinakweza dzanja kufunsa ntchito ya kadonthoko. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kupitiriza kufufuta bolodi, anzanga akufa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa mpaka Fomu 4. Mphunzitsi wotere amapha mwana wofunsa, n'kusiya oloweza okhaokha, kenaka tizidabwa kuti asayansi athu ali kuti. Ena amati vuto ndi kusowa kwa labu. Ine ndimakana. Kunena kuti "tikafufuze limodzi" sikulira maikulosikopu.

Komatu funso lanu ndi lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo. DNA ya selo imodzi, mutaiwongola, ingatalike pafupifupi mamita 2, ndipo yonseyo yapindidwa m'kamalo kosaoneka ndi maso. Sinangoponyedwamo chisawawa. Chromosome iliyonse, kutanthauza chingwe chimodzi cha DNA chokulungidwa, ili ndi dera lake. DNA yothinana kwambiri, heterochromatin, yambiri imakhala m'mphepete cha kukhoma la nucleus, ndipo majini ake ambiri amangokhala duu. Yomasuka, euchromatin, imakhala cham'kati, ndipo ndi kumene kukopera kwambiri kumachitikira.

Mu 1993 gulu la Peter Cook ku Oxford linaika chizindikiro pa RNA yongopangidwa kumene. Sinaoneke ponseponse, koma m'timadontho tambiri tomwazikana, timene anadzatitcha transcription factories. Ganizo lawo linali lakuti puloteni yogwira ntchito yokoperayo, RNA polymerase, siyenda pa DNA. Imakhala malo amodzi ngati chigayo, majini ndiwo amabwera kwa iyo monga ife timasenzera chimanga. Ena amatsutsa, poti m'maselo amoyo anaona timagulu ta polymerase tikusonkhana n'kubalalika m'masekondi ochepa. Ine ndimatsamira kwa otsutsawo, koma mkangano sunathe.

Ndisanaiwale, za mbewa. Mu 2009 Irina Solovei ndi anzake ku Munich anapeza kuti m'maselo a rod, othandiza kuona mumdima, a m'maso mwa mbewa ndi nyama zina zoyenda usiku, dongosololi n'lotembenuka: yothinana ili pakati, yomasuka kunja. Zimenezi zimathandiza kuwala kochepa kudutsa bwino m'diso. Ndiye wina azinena kuti nkhani ya malo ndi yosafunika?

Tsono polemba

Ma polymerase akuluakulu ndi atatu, ndipo Robert Roeder ndi William Rutter ndiwo anawasiyanitsa mu 1969. Woyamba amagwira ntchito mu nucleolus, kadontho kanga kaja, komwe mwa munthu kamapangika mozungulira zigawo za ma chromosome 13, 14, 15, 21 ndi 22. Iye amapanga RNA yambiri ya ma ribosome, timakina topanga mapuloteni m'selo. Wachiwiri amapanga mRNA, yonyamula uthenga wa jini kupita ku ribosome, wachitatu tRNA, yobweretsa zomangira mapuloteni, onse awiri mu nucleoplasm, mbali yotsala ya nucleus kunja kwa nucleolus. Akakufunsani mwachidule lembani nucleus, malikisi asakuthaweni. Akati fotokozani, apatseni zonsezi, muonjezerenso kuti mitochondria, kachigawo kopanga mphamvu m'selo, nayo ili ndi DNA yake imene imakoperedwa komweko, kunja kwa nucleus.