Yankho kwa achemwali ofuna kukwera ngalawa ku Zanzibar koma sadziwa kusambira

Achemwali, mwati mukupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo, mutsala ndi masiku awiri opanda chochita, ndipo mwakopeka ndi zithunzi za anthu akudya nsomba pachilumba ku Zanzibar atayenda pangalawa tsiku lonse. Funso lanu ndi loti kodi munthu wosadziwa kusambira angakasangalale, nanga chakudya chake Mmalawi angachimeze? Ulendo umenewu ine ndinauyenda, ndiye mupirire, ndilemba zambiri.

Pitani ndithu. Kungoti maganizo a ku Cape Maclear muwasiye pa Songwe.

Ambirife nyanja timaidziwira ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay. Ukakwera boti pa Chembe kupita ku chilumba cha Thumbi, anyamata amaponyera nkhwazi nsomba, mumaonera mbuna m'miyala, mumadya kampango wootcha, ndipo pobwerera madzi mumawapeza pamene munawasiya m'mawa. Nyanja yamchere siikhala malo amodzi. Kawiri pa tsiku madzi amathawa gombe, kawiri amabwerera, chifukwa mwezi umawakoka. Ku Zanzibar, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumaposa mamita atatu. Pamene m'mawa panali nyanja, pofika 10 koloko pamakhala pouma, amayi akutola nkhono, maboti atagona chammbali pamchenga ngati ng'ombe zokhuta. Eniake amati maji kupwa, ndipo simufunika womasulira, ndi kuphwa kwathu komwe kuja. Ulendo wonsewu amaukonza potsatira madzi amenewa, ndipo munthu akabwerako akudandaula kuti sanaone zomwe zinali pachithunzi, kawirikawiri ndiye kuti sanafunse za madzi.

Ulendo wotchuka umanyamukira pa mudzi wa Fumba, kummwera chakumadzulo kwa chilumba chachikulu cha Unguja, mtunda wosafika ola pagalimoto kuchokera ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar. Mumalowa m'dera la Menai Bay, lomwe boma linalikhazikitsa kukhala malo otetezedwa mu 1997 chifukwa asodzi ena ankapha nsomba ndi mabomba mpaka kuwononga matanthwe. Anthu ambiri ulendowu amangoutchula kuti Safari Blue, dzina la kampani imene inauyambitsa, ngakhale pano oyendetsa alipo ambirimbiri. Mu tsikulo muli zinthu ziwiri zimene sizingachitike nthawi imodzi. Pali mulu wa mchenga woyera pakati pa nyanja umene umaoneka madzi akaphwa okha, madzi akadzaza umamira wonse. Ndiye pali dziwe lozunguliridwa ndi matanthwe ndi mitengo ya m'madzi amchere, imene iwo amati mikoko, pafupi ndi chilumba cha Kwale, lomwe ngalawa imalowamo madzi akadzaza okha. Woyendetsa wodziwa ntchito amasanja tsiku kuti mupeze zonse ziwiri. Nthawi ya kuphwa imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho zomwe anachita anzanu sabata yatha sizikhala zanu.

Apa ndiye pali njira yodziwira amene mukulankhula naye. M'misewu ya Stone Town muli madobadoba ambiri, eniake amawatcha papasi, kutanthauza nkhupakupa, ndipo dzinalo likuwayenera. Musanapereke ndalama, funsani kuti mawa madzi aphwa nthawi yanji, tiyambira kumchenga kapena kudziwe? Wa pangalawa weniweni amayankha osaganiza n'komwe. Dobadoba amayamba kukusimbirani za kukoma kwa nkhanu. Funsaninso ngati mtengowo ukuphatikiza galimoto yopita ndi kubwera ku Fumba, msonkho wolowera m'dera lotetezedwa, ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Kunenerera mtengo n'kololedwa, inu a ku Kariakoo sindingakuphunzitseni, koma wotchipitsitsa nthawi zambiri amabweza ndalama yake pokupanikizani ambiri m'ngalawa imodzi.

Tsopano za kusambira, poti ndi pamene pali mtima wanu. M'ngalawa imene ndinakwera ine, osadziwa kusambira tinalipo angapo, ine ndimangodziwa kuphiriphitha kwa pa dambo. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, choncho amakunyamula kuposa a kwathu. Ukavala jekete n'kugona chafufumimba, kumira kumachita kukanika. Amakupatsa magalasi ophimba maso ndi mphuno ndi kapaipi kopumira pakamwa, mnyamata mmodzi amalowa ndi chubu choyandama, inu n'kugwira chubucho iye akukoka. Mphindi zoyamba mantha amakugwira, umapuma mofulumira ngati wathamangitsidwa ndi galu. Yambani mwayeserera pamchenga paja, pamene madzi akulekeza m'chiuno, muviike nkhope mpaka mpweya ukhazikike. Mukakafika pamatanthwe mudzaona zimene ine sindingathe kuzilongosola bwino: nsomba zamizeremizere ngati mbidzi, zina zachikasu chowala, zina zobiriwira zamilomo ngati ya chinkhwe zikukukuta mwala mpaka phokoso lake kumveka m'madzi. Mbuna zathu n'zokongola, sindikuzinyoza, koma kumeneko ngakhale miyala imene ndi yamoyo. Musaiponde kapena kuigwira, imacheka ngati lumo ndipo ikathyoka imatenga zaka kuti imerenso.

M'nyanja yamchereyi ng'ona mulibe, mvuu mulibe, likodzo mulibe. Chimene chilipo ndi tizilombo takuda tozungulira, taminga italiitali ngati singano, timene timabisala m'miyala ya m'madzi osaya. Madzi akaphwa ngalawa siifika pagombe, mumayenda wapansi m'madzi kukaipeza, ndipo ndi pamene anthu amabayidwa. Masilipasi amavuka n'kutengedwa. Gulani nsapato zapulasitiki zomanga, pa Kariakoo pomwepo zilipo zambiri. Madziwo akalowa m'maso amawawa, mukawameza amakolezera ludzu, ndiye imwani madzi abwino pafupipafupi. Ndipo musanamizidwe kuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Ine mapewa anasupuka sabata yonse. Valani tisheti posambira.

Ma dolphin, nyama za m'nyanja zooneka ngati nsomba zikuluzikulu, amapezeka m'dera limeneli ndipo mwayi ukakugwerani amatsagana ndi ngalawa, koma wina akakulonjezani kuti muwaona motsimikiza, ameneyo ndi papasi.

Chakudya chimadyedwera pa chilumba cha Kwale, pansi pa mitengo, cha m'ma 1 kapena 2 koloko, njala itakupotani bwino. Nsima musaiyembekezere. Ugali ku Tanzania ulipo, koma pa ulendo uwu amaika mpunga, nthawi zina wophikira mkaka wa kokonati, nthawi zina pilau wonunkhira zokometsera, kuphatikizapo tchipisi ndi chapati. Ndiwo zake ndiye nkhani. Pamakala pamakhala nsomba zikuluzikulu zodula mapisi, monga jodari ndi nguru, zanyama yolimba yopanda timinga tovutitsa ngati ta usipa kapena matemba. Pamakhala kamba, amene si kamba wathu wa chigoba uja ayi, ndi dzina lawo la ma prawn ndi nkhanu zazitali zija azungu amalipira ndalama zambiri m'mahotela. Pamakhala ngisi, chamoyo chofewa cha m'nyanja chopanda mafupa, wodula ngati mphete. Ndiye pali pweza, chilombo cha miyendo isanu ndi itatu chija. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, ndikudzifunsa kuti agogo anga akanati chiyani. Kenako ndinakumbukira kuti ine ndimadya mbewa ndi ngumbi mosanyinyirika, ndipo Mzanzibari atandiona angathawe. Ndinalawa. Wophikidwa mu msuzi wa kokonati ndi wofewa, amakoma ngati nthutumba ya nkhuku yophikidwa bwino, wootcha amatafunitsa pang'ono. Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi msuzi wa ukwaju, womwe ndi bwemba wathu yemweyu amene ana amangomumunya m'njira. Iwo amamuphika ndi tsabola n'kuthira pa nsomba yootcha. Kuyambira pamenepo kunyumba kwanga bwemba anakwezedwa udindo.

Pambuyo pake amabweretsa zipatso motsatizana, akudula pamaso panu: chinanazi, mavwende, mango ngati ndi nyengo yake, fenesi lija lalikulu ngati mwana wakhanda, ndi madafu, kokonati wanthete amene umamwa madzi ake kenako n'kupala mkati ndi kachibenthu ka khungu lake. Pa chilumbapo pali mlambe waukulu umene unagwa kalekale koma ukupitirira kukula chogona, anthu amakwerapo kujambulitsa. Azungu amachita nawo chidwi kwambiri. Ife a ku Mangochi ndi ku Chikwawa timangouyang'ana ngati mbale wathu amene tamupeza kutali.

Ngati ndinu a mpingo wosadya nkhanu ndi nsomba zopanda mamba, kapena thupi lanu limatupa mukadya za m'nyanja, nenani dzulo lake, osati mutafika pachilumba. Kumeneko kulibe golosale, chilichonse amachita kunyamula kuchokera ku Fumba. Mukanena msanga amakonza nkhuku kapena zamasamba. Za kutupazo musazitenge mwachibwana, chipatala chili kutali ndi pamene mudzakhale, ndipo ngati simunadyepo ma prawn chibadwire yambani ndi kamodzi, mudikire kaye.

Pobwerera, mphepo ikalola, amazimitsa injini n'kukweza thanga. Kwa ine apa ndi pamene ndalama yanga inabwerera. Phokoso lonse zii, kumangomveka madzi akunyambita matabwa ndi chingwe chikulira. Ngalawa zamtunduwu si zachilendo kwenikweni kwa ife. Ndi zomwe a Jumbe, Aswahili aja anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, ankawolotsera minyanga ndi akapolo pa nyanja yathu, ulendo wa ku Kilwa ndi ku msika wa Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873 ndipo pamalopo panamangidwa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, cha amishoni a UMCA omwenso anadzamanga ku Likoma. Ndinakhala pansi pa thangalo nditakhuta, ndikuganiza kuti ena a kwathu anafika pa madzi omwewa atamangidwa. Mukapeza ola limodzi m'tauni, kaloweni m'tchalitchimo, mukaonenso zipinda zapansi za m'nyumba yoyandikana nacho, zimene amati ankasungiramo akapolo.

Nyengo nayo muiganizire. Mwera umene umavutitsa asodzi athu kuyambira cha mu May mpaka August ndi mphepo yomweyo imene kumeneko amaitcha kusi, ndipo ikalimba nyanja imachita mafunde. Mvula yaikulu, imene iwo amati masika, imagwa kuyambira March mpaka May, ndipo masiku ena ngalawa sizinyamuka. Ngati mumachita mseru m'basi pokwera Chiweta, gulani mapiritsi a mseru wa paulendo ku famase, mumwe musanakwere, mukhale chapakati pa ngalawa maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Mowa wa dzulo lake ndi mdani.

Chinthu china chimene chinatsala pang'ono kundiphonyetsa ulendo ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, chimenecho foni imakonza yokha. Koma Aswahili amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, 7 koloko m'mawa ndiye saa moja. Dalaivala anandiuza kuti adzanditenga saa mbili, ine n'kumva kuti 2 koloko, ndikudabwa kuti ulendo wa tsiku lonse uyamba bwanji masana. Anali kunena 8 koloko m'mawa. Anandipeza ndili ndi mswachi m'kamwa. Muzimuuza munthu akulembereni nthawiyo pa foni m'manambala, muonjeze kufunsa kuti asubuhi kapena mchana, kutanthauza m'mawa kapena masana.

Masiku anu awiriwo akukwana koma mothinana. Sitima yothamanga yochokera ku Dar imatenga maola awiri kapena kuchepera pang'ono, tikiti mugule pa ofesi yeniyeni padoko, osati kwa okuthamangirani panja. Pasipoti ikhale m'manja, chifukwa ngakhale ndi dziko limodzi, Zanzibar ili ndi boma lakelake ndipo padoko amaona mapepala. Kuyambira October 2024 anayambanso kufuna kuti alendo akunja agule inshuwalansi ya boma la Zanzibar, ndiye konzani zimenezo pa intaneti musanakwere. Muwoloke tsiku loyamba, mugone ku Stone Town, mawa lake ngalawa. Kuchokera ku Fumba mumabwerako cha m'ma 5 koloko, sitima zomaliza zopita ku Dar zitapita kale, choncho muwerengere kugonanso usiku wachiwiri n'kuwoloka m'mamawa. Zikakanika, pali ulendo waufupi wonyamukira m'tauni momwemo, wopita ku chilumba cha Changuu kumene kuli akamba akuluakulu, athu a chigoba aja tsopano, ochokera ku Seychelles, ndi kumchenga wa Nakupenda. Nsomba amaotchanso, koma anthu amachuluka ndipo thanga lija simulilawa.

Ku Fumba ndi m'tauni anthu ambiri ndi Asilamu, chitenje chanu chikhale pafupi, zovala zosambirira muzionetse mukafika pamchenga. Foni muiike m'kathumba kosalowa madzi, ndalama zochepa za shilingi zopatsa anyamata a pangalawa muzikulunge mu pulasitiki. Ndipo poti ndinu mayi ndinene ichi, mlongo wanga anandidandaulira mwezi wathunthu: ngati mukufuna kumangitsa tsitsi latsopano ku Dar, mukamangitse pobwerera. Mchere ndi mchenga wa pa Kwale sizituluka m'mesh.