Chifukwa chake zokolola za kuyunivesite zimaposa za mlimi

Mwafunsa chifukwa chake chimanga cha m'minda yoyeserera ya kuyunivesite chimabereka kwambiri kuposa cha mlimi amene wabzala mbewu yomweyo. M'munda woyeserera dothi limayamba layezedwa, mbewu imabzalidwa pa nthawi yake motalikirana bwino, ndipo feteleza amathiridwa kawiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Pamene mlimi akachedwa kupalira m'masabata oyambirira, udzu umalanda chakudya cha m'nthaka.

Komabe ine ndimaona kuti vuto lalikulu lili pa ulangizi. Ku United States anazindikira zimenezi kalekale, ndipo lamulo la Smith-Lever la 1914 linalumikiza mayunivesite a zaulimi ndi alangizi okhala pakati pa alimi, zomwe zinathandiza kuti chimanga cha haibulidi, chimene wasayansi wa zomera George Shull anachifotokoza mu 1908, chifalikire m'minda m'zaka za m'ma 1930. Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi munda wachitsanzo wolimidwa ndi mlimi mwini, moyandikana ndi mbewu yake yakale, chifukwa anzake amadzionera okha kusiyana kwake, ndipo ofufuza nawonso amamva madandaulo osaoneka m'kalasi, monga akuti chimanga chatsopanocho chimafumbwa msanga ndi anankafumbwe chikasungidwa.