Funsani Anamwino: Tulo tandilanda ntchito

Anamwino,

Ndine bambo wa zaka 47, telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kuno ku Liwonde. Mu 2021 lole ya matola yomwe ndidakwera pochokera kumaliro idagubuduzika ndipo ndidavulala msana. Ponditulutsa m'chipatala adandilembera tramadol, kapisozi mmodzi m'mawa, mmodzi madzulo. Lero ndimamwa awiriawiri kanayi patsiku, tsiku loipa ndimafika khumi. Ena ndimagula ndekha, ena amanditumizira alamu anga ali ku Joni. Usiku ndimamwanso amitriptyline chifukwa mwendo wamanzere umayaka ngati moto.

Vuto langa ndi tulo. Ndimadzuka wotopa ngati ndachezera kulima. Ikamakwana 10 koloko mutu uli pamakina. Mu Sepitembala, nthawi yomwe ife matelala timakolola ndi mayunifolomu a ana asukulu, singano idandiboola chala nditasinza, ndipo makasitomala awiri adabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Mayi a kunyumba akuti usiku ndimaliza mkonono kenako n'kukhala zii mpaka iwo kundigwedeza. Kuchipinda nako moto udazima. Apongozi akuti andilodza, ndipo mphini adanditema kale kawiri. Ndidayesa kusiya mankhwalawa kamodzi, koma tsiku lachiwiri ndidali thukuta kamukamu, m'mimba mwatseguka, miyendo yosakhazikika. Kodi ndikudwala chiyani?

Telala wotopa, Liwonde

Bambo atelala,

Zikomo polemba mosabisa, makamaka ponena kuchuluka kwa makapisozi. Ambiri akafika pa ine amati "ndimamwa pang'ono", ndiye timayamba kufufuza mumdima. Inu mwandipatsa nambala, ndipo ndiyambira pomwepo. Ngati makapisozi anu ndi a 50 mg, asanu ndi atatu ndi 400 mg, omwe ndi malire enieni a tramadol patsiku kwa munthu wamkulu. Khumi ndi 500 mg. Pamenepo mwadumpha mpanda, ndipo munthu akadumpha mpandawo akhoza kugwa ngati wakhunyu ngakhale asadadwalepo khunyu chibadwire. Amitriptyline amawonjezera ngoziyo. Onaninso pa bokosi la ochokera ku Joni aja, chifukwa tramadol alipo wa 50, alipo wa 100, alipo woposa apo, ndipo diso silisiyanitsa.

Sindidakuyezeni, koma zomwe mwalembazi ndazimva kwa anthu ambiri moti sindikukayika kuti gawo lalikulu la tulo tanu likuchokera m'mankhwala. Tramadol ndi wa banja limodzi ndi codeine, pethidine ndi morphine, mankhwala omwe achipatala timawatchula kuti ma opioid. Dzina loti morphine lenilenilo adalipereka Friedrich Sertürner, wosakaniza mankhwala wa ku Germany yemwe adawapeza kumayambiriro a zaka za m'ma 1800, ndipo adalitenga kwa Morpheus, mulungu wa maloto wa Agiriki. Ndiye kuti nkhani ya tulo idadziwika mankhwalawa asadafike n'komwe pa shelefu. Amaziziritsa ululu potontholetsa ubongo, koma sasankha pomwe atontholetse. Mbali yomwe imakusungani maso nayo imatonthola, mbali yolamula kupuma nayonso, matumbo nawonso. Simudanene, koma ndikukhulupirira kuti kudzimbidwa kulipo.

Kusukulu adatiphunzitsa kuti kusinza kumabwera masiku oyamba okha, munthu akangoyamba mankhwala kapena akawonjezeredwa, kenako thupi lizolowera. Kwa ambiri ndi zoona. Koma munthu amene wamwa zaka, ngati inu, kutopa kwake kumalowera makomo ena, ndipo awiri mwa makomowo mwawatchula nokha osadziwa.

Loyamba ndi lomwe aona mayi a kunyumba. Kukhala zii kuja ndi kusiya kupuma. Ma opioid amachititsa kuti ubongo uziiwala kulamula mapapo kwa kanthawi munthu ali m'tulo, mpweya m'magazi n'kutsika, thupi n'kudzidzimuka kuti lipume. Zikhoza kuchitika kambirimbiri usiku umodzi inu osakumbukira kalikonse. Mumakhala pamphasa maola asanu ndi atatu, koma tulo tofa nato, tomwe timatsitsimutsa thupi, simukutipeza. N'chifukwa chake mukudzuka ngati mwachezera kulima. Ndipo mayiwo muwathokoze, kugwedeza kwawoko si chipongwe. Chizindikiro ichi ndicho chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu yonse, kuposa chala chobooka chija.

Lachiwiri ndi la kuchipinda. Abambo ambiri amabisa, amaganiza kuti agwa m'papaya chifukwa cha msana kapena chifukwa cha anthu oipa mtima. Ma opioid akamwedwa nthawi yaitali amatsitsa testosterone, mchere wa m'thupi womwe umapatsa mwamuna chilakolako, nyonga za minofu ndi changu pa ntchito. Ukatsika, munthu amakhala wolefuka, wosakondwa, wosafuna kanthu. Kwa amayi msambo umasokonekera kapena kuima. Kwa ena mankhwalawa amatsitsanso cortisol, mchere wina wa m'thupi wothandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yokwanira, ndipo otero amamva chizungulire akaimirira, chakudya sachifuna. Nthawi zambiri izi zimabwerera mwakale mankhwala akachepa. Ndanena "nthawi zambiri" dala, sindikufuna kukulonjezani mwana.

Tsono wonjezerani amitriptyline, yemwe payekha amagonetsa ndipo amatsalira m'thupi mpaka m'mawa. Wonjezerani Piriton mukagwidwa chimfine, kapena diazepam wopatsidwa ndi mnzanu, kapena kachasu pang'ono Loweruka. Chilichonse mwa izi chimakoka chingwe chomwecho. Anthu omwe tidawataya ndi mankhwala amtunduwu, ambiri sadafe ndi mankhwala amodzi, adafa ndi kasakaniza. Choncho kuyambira lero mowa ayi, Piriton ndi Phenergan ayi, mankhwala ogonetsa ayi. Njinga yamoto musayendetse, ndipo pamakina mukamva maso akulemera, chotsani phazi pachopondera.

Za tsiku lomwe mudayesa kusiya lija. Thukuta, kutsekula m'mimba, kuyasamula, mamina, tsembwe, miyendo yosakhazikika: umo ndi momwe thupi lozolowera limalirira likamanidwa mwadzidzidzi. Zimachitika kwa aliyense, abusa kapena chidakwa, ndipo sizitanthauza kuti ndinu munthu wa makhalidwe oipa. Koma musabwerezenso kusiya kamodzin'kamodzi. Choopsa china n'chakuti munthu akapirira sabata osamwa, thupi limataya kuzolowera kuja, ndiye akabwerera ku makapisozi khumi omwe aja, amamugoneka osadzukanso.

Chomwe ndikufuna muchite ndi ichi. Tengani jumbo, muikemo mankhwala onse omwe ali m'nyumba mwanu, a kuchipatala, ogula, a ku Joni ndi mabokosi ake, ngakhale mizu ya kwa asing'anga. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mutengenso mayi a kunyumba, chifukwa za usiku mboni ndi iwo. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma lanu sabata ino. Mukakalowa musakayambe ndi "msana ukupweteka", chifukwa pamzere wautali mawu amenewo amangobala tramadol wina. Mukayambe ndi kuti: "Ndamwa tramadol kuyambira 2021, ndikufika makapisozi khumi patsiku, ndikusiya kupuma m'tulo, ndikufuna mundithandize kuchepetsa." Mupemphe akuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga, impso, HIV ngati papita nthawi, ndipo akufunseni za TB. Kutopa kuli ndi eni ake ambiri, ndipo si bwino kukankhira zonse pa tramadol pomwe magazi achepa. Za maganizo nazo mukanene. Munthu amene ntchito ikumuthawa m'manja, apongozi akunong'ona, sangalephere kusweka mtima, ndipo kusweka mtima kumatopetsa ngati malungo.

Kuchepetsa kwake n'kwa kamba, osati kwa kalulu. Malangizo omwe bungwe loona za umoyo la CDC la ku America lidatulutsa mu 2022 amati munthu amene wamwa ma opioid kupitirira chaka achepetse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pamwezi, kapena pang'onopang'ono kuposa apo. Kwa inu zikhoza kukhala kutsika msanga kuchoka pa khumi paja, kenako kuchotsa kapisozi mmodzi, kudikira masabata angapo, kuchotsanso wina. Ndondomeko yeniyeni apange ndi adokotala okuonani, osati ine wa m'magazini. Amitriptyline naye musamusiye panokha, koma mufunse ngati mungamamwe kukangoda m'malo mwa pogona.

Mwina mukuti, nanga msana? Funso labwino, ndipo yankho lake lidandidabwitsa ine ndemwe. Mu 2018 ofufuza a mumzinda wa Minneapolis ku America adafalitsa zomwe adapeza atatsatira kwa chaka chathunthu anthu 240 omwe adali asilikali, odwala msana, chiuno kapena mawondo kwa nthawi yaitali. Theka ankalandira ma opioid, theka mankhwala wamba monga paracetamol ndi anzake a Brufen. Chaka chitatha, a ma opioid sadapose anzawo pa kuyenda ndi kugwira ntchito, ululu wawo udali wokwererako pang'ono, ndipo madandaulo a mankhwala adali ochuluka kwa iwo. Palinso china: kwa anthu ena ma opioid akachuluka amachititsa mitsempha kumva ululu msanga, ndiye munthu amawonjezera makapisozi pothamangitsa ululu womwe makapisoziwo akuukolezera. Ndawaonapo anthu omwe atatsika ndi theka adati msana uli chimodzimodzi, koma mutu wayera. Pemphani akutumizeni ku mafizo. Ndipo kampando kanu kopanda chotsamira kaja, kokhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikukaganizira kuti nako kali ndi mlandu. Muziimirira pakatha theka la ola lililonse, muyende mpaka pamsewu n'kubwerera.

Apongozi musakangane nawo. Muwauze kuti mwapeza komwe kukuchokera, mphini zikwane ziwiri zomwezo.

Anamwino,

Amayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo akhala akumwa morphine wa m'botolo miyezi isanu ndi itatu, maola anayi aliwonse. Ankacheza bwinobwino, ankasenda ndi mtedza. Sabata ino akungogona, akadzuka akuyankhula zosamveka, manja akudzidzimuka okha, mkodzo ukutuluka wochepa. Azakhali akuti morphine ndi wothamangitsira munthu kumanda, titaye botolo.

Mwana wawo, Dedza

Chemwali,

Botolo musataye, koma musadikirenso mawa. Nkhani ya amayi ndi yosiyana ndi ya atelala pamwambapa. Pa ululu wa khansa morphine ndiye mankhwala ake, ndipo miyezi isanu ndi itatu yomwe acheza nanu n'kumasenda mtedza ndi umboni. Azakhali akulakwitsa, ngakhale ndikumvetsa mantha awo, popeza ambiri amaliona botololi munthu atadwalika kale.

Koma munthu amene wakhala pa muyezo umodzi miyezi yonseyi sayamba kugona chonchi popanda chifukwa. Tulo, kubwebweta, kudzidzimuka kwa manja ndi mkodzo wochepa zikabwera pamodzi, ine ndimaganizira impso. Khansa ya khomo la chiberekero imakonda kutseka timapaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, ndipo impso zikafooka, zotsalira za morphine zimaunjikana m'magazi, muyezo womwe uja n'kukhala ngati wawirikiza. Kuchepa kwa madzi m'thupi kapena matenda a m'chikhodzodzo zimachitanso zomwezo. Yang'ananinso botolo. Morphine wamadzi amabwera wamphamvu ziwiri, wina woposa mnzake kakhumi, ndipo ngati botolo la ulendo uno likusiyana ndi lakale pomwe inu mukutunga mofanana ndi kale, vuto likhoza kukhala pamenepo.

Ngati akuvuta kudzutsa, muyezo wotsatira musawapatse, ndipo pitani nawo lero kuchipatala komwe amalandira mankhwalawo, botolo ndi kabuku zili m'manja. Agonekeni chammbali. Muwerenge kapumidwe kawo mphindi imodzi yathunthu mukuyang'ana pachifuwa: munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Akatsika pansi pa ka 10, milomo ikada, kamwana ka diso kakachepa ngati nsonga ya singano, apo ndi pothamanga usiku womwewo, ndipo mukafika munene msanga kuti ali pa morphine kuti awabaye naloxone, jekeseni wobweza mphamvu ya mankhwalawa. Mufunse anamwino osamalira odwala matenda okhalitsa, a ntchito ngati yomwe amagwira a Tiyanjane ku Queens kapena a Ndi Moyo ku Salima. Iwo adzadziwa kutsitsa muyezo kapena kutalikitsa maola popanda kuwabwezera amayi mu ululu.

Nkutheka adzakuuzani kuti matendawo ndiwo apita patsogolo. Mukatero muwatenge azakhali akamve okha kuchokera pakamwa pa adokotala, kuti mlandu usadzagwere inu amene mumatunga mankhwala.