Kujambula maukwati ku Mzuzu: muyambire pati?

Mnyamata wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Akuti ali ndi kamera ya Canon yogula kwa munthu, lenzi yake ndi ija ya 18-55mm, ndipo anzake amayamikira zithunzi zake. Akufunsa ngati angayambe kulandira maukwati komanso kuti azitchaja bwanji.

Achimwene, musalandire kaye ukwati panokha. Ukwati subwerezedwa. Mkwati akamuveka mphete inu mukusintha batire, basi kwatha, ndipo mbiri yoteroyo siichedwa kufika ku Luwinga ndi ku Katoto. Pezani wojambula wokhazikika, mumunyamulire chikwama maukwati asanu kapena asanu ndi limodzi, ngakhale malipiro akhale ochepa. Kumeneko mudzaphunzira kayendedwe ka tsikulo: kusaluni m'mamawa, kutchalitchi, kusaina setifiketi, zithunzi za panja, kenako kuholo. Mudzadziwanso kuti abusa kapena ansembe amafunsidwa mwambo usanayambe ngati amalola fulashi ndi poti muime.

Ndalama yoyamba isapite ku kamera yatsopano. Gulani lenzi ya 50mm f/1.8, fulashi yoika pamwamba pa kamera, mabatire atatu ndi makhadi angapo. Khadi la 64GB limalowa zithunzi za RAW (mafayilo aakulu osunga zonse zimene kamera yaona, osavuta kukonza pa kompyuta) pafupifupi 2,000 pa kamera ya 24MP, koma bola makhadi awiri a 32GB, kuti lina likafa lina litsale. Kamera yachiwiri, ngakhale yobwereka, izikhala m'chikwama nthawi zonse.

Pa nkhani ya kuwala ndi pamene ambiri amagwa. Diresi ndi loyera mbuu, suti ndi yakuda, ndiye kamera ikasiyidwa pa Auto imasokonezeka: mwina diresi limapsa mpaka zokongoletsa zake osaoneka, mwina nkhope zimada. Jambulani pa Manual ndi RAW, yatsani chenjezo lophethira pamene pawala kwambiri, tetezani diresi, nkhope mudzaziwalitsa mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta. M'tchalitchi mwamdima musaope kukweza ISO (yomwe imawalitsa chithunzi koma n'kuchipatsa timadontho ngati mchenga) kufika pa 1600 kapena 3200, chifukwa chithunzi chokhala ngati chili ndi mchenga chimakonzeka pomwe chogwedezeka sichikonzeka. Pa perekaniperekani anthu amavina akuponya ndalama, choncho liwiro la shata (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) lisachedwe kuposa 1/250 ya sekondi ngati fulashi yazimitsidwa. Mukaiyatsa, makamera ambiri amalekezera pa 1/200. Fulashi yolozetsa kudenga imathandiza pokhapokha siling'i ili yoyera komanso yotsika. Holo ya malata okhaokha imangomeza kuwala, ndiye mangirirani kakhadi koyera kumutu kwa fulashi.

Nyengo ya kuno muiwerengere. Mvula imatha kupitirira mpaka Epulo ndi Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi kumakhala chifunga ndi mawawa. Kaoneni malo a zithunzi za panja kudakali masiku, mupezeretu khonde lothawirako. Chinyezi chomwecho chimabweretsa nguwi mkati mwa lenzi, choncho sungani zida m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel.

Za mtengo, musatengere wa mnzanu. Lembani zonse: thiransipoti, wokuthandizani, kutsukitsa zithunzi, alubamu, mafelemu, masiku atatu kapena anayi okhala pa kompyuta, ndi kutha kwa kamera, kenako muikepo phindu. Tsiku lisungidwe pokhapokha theka lalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo yotsala ilipiridwe Loweruka la ukwati lisanafike. Mawu akuti tidzakupatsani pa ndalama za perekaniperekani akanizeni mwaulemu, chifukwa phwando likatha komiti imabalalika ndipo aliyense amaloza mnzake. Pangano likhale lolembedwa: maola angati, zithunzi zingati, mudzapereka liti, ndani alipire ulendo ngati mwambo uli ku Ekwendeni, ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay. Pemphaninso munthu mmodzi mbali iliyonse wodziwa abale, kuti ankhoswe, azakhali ndi agogo asaphonye pa zithunzi za banja. Agogo akasowa mu alubamu, banja silikhululuka msanga, ndipo ine ndimawamvetsa.

Usiku womwewo, musanagone, koperani zithunzi pa laputopu ndi pa hadi dilaivu ina. Khadi musalifufute mpaka eni ake atalandira zonse.

Makasitomala ambiri adzachokera kwa ma MC, okongoletsa holo, ophika keke ndi a saluni. Apatseni zithunzi zabwino za ntchito yawo kwaulere, nawo azikutchulani. Akwati atumizireni zithunzi 15 zokonzedwa pasanathe masiku awiri, anthu akadali ndi chidwi, ndipo pa WhatsApp muzitumize ngati Document kuti zisafooke. Musanaike nkhope zawo pa Facebook, afunseni kaye.