Mbalule ikagwera m'manja mwa mng'ono

Kalata ya sabata ino yachokera ku Kapata, kwa mnyamata wa zaka 22. Dzina ndalisunga, chifukwa anthu a kumeneko sangachedwe kumuzindikira. Akuti: "Agogo, bandi yathu anayambitsa ndi akulu anga zaka 4 zapitazo. Gitala yoyamba anagula ndi ndalama za njinga, kupalasa ndi anthu kuchoka ku Saturday Market mpaka ku Mchini. Iwo ndiwo ankaimba kutsogolo, ine ndinkangopolokozera. Tsopano nyimbo zimene anthu amapempha pa wailesi ndi zopeka ine, ndipo pa ukwati anthu amakuwa kuti ndiimbe ineyo. Kwabwera bambo wina wa ku Lusaka ndi pepala loti tisaine, dzina langa likhale patsogolo. Akulu anga asiya kundilankhula, nsima akudya paokha. Kodi ndachita mwano? Nanga ndisaine?"

Mdzukulu wanga, mwano sunachite. Mawu okoma munthu sagula ku golosale, ndipo Mulungu pogawa safunsa kuti anayamba kubadwa ndani. Koma ndikuona pamene phazi lako lalunjika, ndipo njirayo ndikuidziwa chifukwa ena anaiyendapo.

Ine ndinachoka kuno ku Chipata mu 1970, dzina loti Fort Jameson lisanachokeretu pakamwa pa akuluakulu, kukagwira ntchito ku Kitwe. Kumeneko mnyamata wokhala ndi gumbagumba ndiye anali mfumu ya Loweruka. Pa zimbale zimene tinkaika mpaka kukalika panali za gulu la ku America lotchedwa Creedence Clearwater Revival. Dzina lonselo linkatilemera, tinkangoti Creedence. Sitinkadziwa kuti pamene ife tikuvina, eni ake akutafunana. Mbiri yawo ndinaimva zidutswazidutswa m'zaka zotsatira, ndipo ikufanana ndi kalata yakoyi moti ndawerenga kawiri.

Gululo linali la anyamata anayi a m'tauni ya El Cerrito ku California, ndipo awiri mwa iwo anali a bere limodzi: Tom Fogerty, wobadwa mu 1941, ndi mng'ono wake John, wobadwa mu 1945. John anayamba kuimba ndi anzake a kusukulu, Stu Cook ndi Doug Clifford, mu 1959. Tom atalowamo, iye ndiye anakhala woimba kutsogolo, ndipo zimbale zawo zoyamba zinatuluka dzina lake lili patsogolo pa dzina la gulu. Anavutika zaka pafupifupi 9 osadziwika, akusintha maina, akuimba m'malo ang'onoang'ono. Nthawi yonse ya usiwayo sanamwazikane.

Apa mvetsera bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa pofotokoza. Zitaoneka kuti mawu a John ndi amene akugwira anthu, Tom anamusiyira malo a kutsogolo. Mkulu anabwerera m'mbuyo n'kumaimba gitala yothandizira, ndipo gulu silinasweke chifukwa cha zimenezo. M'malo mwake linakwera. Kuyambira 1968 kufika 1970 anatulutsa zimbale zazikulu 6, zitatu mwa izo m'chaka chimodzi cha 1969, chaka chimene anaimbanso pa chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Woodstock. Mkulu kugonjera mphatso ya mng'ono kunabala zipatso zimene mpaka ife ku Kitwe tinalawa.

Chimene chinawapha chinabwera pambuyo. John atalandira malo oimbira, anatenganso zotsala zonse. Wopeka nyimbo anali iye, woimba iye, wogwira gitala yotsogolera iye, woyang'anira kujambula iye, woyendetsa bizinesi ya gulu iye. Anzake atatu aja, kuphatikizapo mkulu wake, anatsala ngati aganyu m'munda umene anaswa nawo mphanje. Luso John anali nalo, palibe angatsutse, ndipo mwina akanawasiyira zochita nyimbo zina sizikanakoma momwe zinakomera. Koma munthu wamkulu, wapabanja, kumangouzidwa ndi mng'ono wake kuti gwira apa, siya apo, chaka ndi chaka, mtima umatupa. Kumayambiriro kwa 1971 Tom anatuluka.

Otsalawo anapitiriza atatu. Chimbale cha 1972 anagawana kuti aliyense apeke ndi kuimba zake. Awiri aja amati John anawakakamiza mwaukali, John amati ndi zimene iwo anapempha okha. Mulimonsemo, kugawana kochitika mitima itawawa kale sikunakonze kanthu. Anthu sanachilandire bwino chimbalecho, ndipo mu October 1972 gulu linatha. Werengera wekha: zaka 9 akuvutikira limodzi, zaka 4 zokha ali pamwamba.

Tsono za pepala lako la ku Lusaka. Anyamatawa anasaina ndi kampani ya Fantasy Records ali osauka, akulakalaka kungomveka. Pangano lija linapereka umwini wa nyimbo za John kwa kampani. Zotsatira zake zinamudya moyo wonse. Anakhala zaka zambiri akukana kuimba nyimbo zake zomwe pagulu, chifukwa cha kuwawidwa mtima. Atatulutsa nyimbo yatsopano mu 1985, kampaniyo inamusumira kuti yafanana ndi ina yakale imene anapeka iye mwini, ndipo anachita kulowa m'khoti ndi gitala kukasonyeza kaimbidwe kake. Mlanduwo anapambana mu 1988. Ulamuliro pa nyimbo zake anaugulanso mu 2023, ali nkhalamba ya zaka 77. Ndipo pepala lomwelo linalowa pakati pa abale awiriwo, chifukwa Tom anakhalabe paubwenzi ndi mwini kampani, Saul Zaentz, munthu amene John ankamuona ngati mdani.

Tom anamwalira mu September 1990 ali ndi zaka 48, atatenga kachilombo ka HIV kudzera m'magazi amene anamuika pomuchita opaleshoni ya msana. Anapita asanagwirizane bwinobwino ndi mng'ono wake. Mu 1993, pamene gululo linkalemekezedwa ku Rock and Roll Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za rock, John anakana kuimba ndi anzake awiri otsalawo. Timati chibale ndi fupa, sichiola. Ndi zoona, koma ine ndaonapo fupa litathyoka n'kulumikizana mokhota, munthu n'kumatsimphina mpaka kumanda.

Adzukulu anga andiuza za abale ena a ku Manchester, Noel ndi Liam Gallagher a gulu la Oasis, amene anakangana ku Paris mu 2009 n'kudzaimbiranso limodzi mu 2025. Iwowa imfa inawadikira zaka 16. Tom sinamudikire, ndipo iwe sukudziwa ngati idzakudikirani inu.

Magulu athu a Zamrock, nyimbo za rock za kuno ku Zambia, nawonso anakwera n'kugwa, ndipo ndinawaona ndi maso. M'ma 1970 a Kaunda atalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, anyamata ngati a WITCH ndi Jagari Chanda wawo, a Amanaz, a Musi-O-Tunya, ndi Paul Ngozi ndi Ngozi Family ankadzaza maholo. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, anthu anasowa ya pakhomo, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia, madisiko analanda malo a mabandi, ndipo Edzi inadzakolola oimba ambiri. Athuwa anagwetsedwa ndi mphepo yochokera kunja. Mphepo yotereyi ikadalipo: lero wa ukwati amaona kuti kuitana mnyamata mmodzi wa laputopu ndi masipika n'kotchipa kuposa kudyetsa anthu asanu. Adani a bandi yanu ndi okwana kale popanda inu awiri kuonjezerapo.

Pa mwambo wathu nkhani ya mng'ono kutsogolera mkulu si yachilendo. Ufumu ukafuna munthu, amayi a mbumba akakhala pansi sagwira woyamba kubadwa nthawi zonse. Amayang'ana mtima ndi mutu, ndipo nthawi zina amadumpha mkulu n'kugwira mng'ono. Pabwalo la gule, mbalule, ng'oma yotsogolera ija, amapatsa amene manja ake amalankhula ndi mapazi a wovina, kaya ndi mwana wa dzulo. Koma taona ziwiri. Choyamba, zimenezi zimanenedwa poyera, pamaso pa akuluakulu, wodumphidwayo ali pomwepo. Sizisamuka usiku ngati mkamwini wothawa chikamwini. Chachiwiri, wa mbalule saimbanso mpanje. Manja ali nawo awiri okha, ndipo akati agwire ng'oma zonse gule amafa. Mfumu yaing'ono ija nayonso ikatsika pampando n'kulowa m'nyumba ya mkulu wake, imalonjera ngati mwana.

Kwanuko chimene chachitika n'choti udindo wasamuka popanda wonena. Akulu ako auzidwa ndi anthu oledzera a pa ukwati kuti nthawi yawo yatha, kenaka auzidwanso ndi mlendo wa ku Lusaka. Kwa iwe sanamve kanthu. Kudya paokhako si kuti akudana ndi mawu ako. Ndi manyazi a munthu amene anapalasa njinga pa dzuwa la mu October, thukuta likutsikira m'maso, kuti mng'ono wake agwire gitala, ndipo lero akuopa kuti adzakhala wonyamula masipika.

Ndiye uchite izi. Upite kwa amalume ako, alongo awo a amayi ako, chifukwa mlandu wa ana a bere limodzi ndi wawo. Usapite ngati wodandaula. Ukawauze kuti ukufuna akakhale pakati pamene ukulankhula ndi akulu ako. Pamenepo mawu ako oyamba akhale othokoza, ndipo utchule zinthu ndi maina ake: njinga ija, gitala ija, tsiku limene anakuphunzitsa kugwira nsambo. Ukatero upemphe, osati kulengeza, kuti akulole uziimba kutsogolo nyimbo zimene unapeka. Ndikhulupirira adzalola. Tom analola.

Akalola, iwe uike malire pa dzanja lako lomwe, chifukwa apa ndi pamene John anagwera. Dzina la bandi lisasinthe. Wolankhula ndi eni maukwati, wopangana mtengo, woitanitsa anyamata kokonzekera akhalebe akulu ako, ndipo ukhale udindo weniweni, woti akanena kuti Lachisanu tikumana 4 koloko iwenso umafika 4 koloko. Pa dansi iliyonse pakhale nyimbo zawo zimene aziimba okha, ngakhale anthu akuwe dzina lako. Ukamva akukuwa choncho, uwatchule akulu ako pa maikolofoni kuti ndiwo eni bandi. Pokonzekera, akalakwitsa, usawadzudzule pamaso pa woimba ng'oma ndi wa besi. Udikire muli awiri. Izi zikuoneka zazing'ono, koma ine ndinataya msuweni wanga zaka 11 chifukwa cha mawu amodzi amene ndinamuyankha pamaso pa antchito a pachigayo chathu, ndipo ndinali wolondola pa nkhaniyo. Kulondolako sikunandithandize kanthu pa tsiku limene ndinamufuna.

Za ndalama mugule kope. Mulembemo kuti zida ndi za yani, za pakhomo mugawana bwanji, zokonzera zida zichoka pati, ndipo amalume asainire. Ena adzati kulemberana ndi m'bale ndi kusakhulupirirana. Ayi. Mumalemba lero mukukondana kuti mawa njala kapena kukhuta kusadzakukumbutseni zosiyana. Nyimbo zako ukalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo kuno ku Zambia, m'dzina lako, ndipo pamene akulu ako anaikapo dzanja, kaya ndi kolasi kaya ndi kaimbidwe ka gitala, dzina lawo lilowe ndi gawo lake.

Pepala la ku Lusaka usasaine sabata ino, ndipo usasaine wekha. Upemphe kope lake mupite nalo kwa loya, ngakhale mutagulitsa mbuzi kuti mumulipire. Akuuzeni momveka kuti nyimbo zidzakhala za yani, panganolo ndi la zaka zingati, mukafuna kutulukamo mudzatuluka bwanji, ndiponso ngati likutenga iwe wekha kapena bandi yonse. Bamboyo akakana kukupatsani masiku owerengera, mwamudziwa kale. Mwina zidzapezeka kuti ndi pangano labwino ndipo likufuna iwe wekha. Zikatero sindikuletsa kupita, pakuti mphatso siyenera kufera ku Kapata chifukwa cha mantha. Koma uchoke utatsanzika, akulu ako atakuperekeza kukakwera basi, gitala yawo utawasiyira.

Inu akulu ake, ndikudziwa kalatayi ikufikani, pakuti ku Kapata nkhani sigona. Mwana uyu sanakubereni kanthu. Munadzala mtengo ndipo watalika kukuposani, ndiye musaudule chifukwa wakuphimbani. Kukhala chete kwanuko kukumukankhira m'manja mwa mlendo, amene sadzamufunsa ngati wadya. Ngati pali chimene chakuwawani, chineneni pamaso pa amalume, mwana amve. Ndipo nsima bwererani mukadye mbale imodzi, chifukwa amayi anu akuona mbale ziwirizo madzulo alionse ndipo sakugona.

Mdzukulu wanga, kumapeto kwa kalata yako wanena kuti Loweruka likudzali muli ndi ukwati ku Katete, ndipo sukudziwa ngati akulu ako abwera. Lachinayi madzulo upite kunyumba kwawo, ugogode, ukhale pansi, uwafunse nthawi imene akufuna kuti galimoto inyamuke ndi nyimbo imene akufuna mutsegulire. Akakuyankha mokalipa, ulandire. Akapanda kuyankha, Lachisanu upitenso, ulendo uno ndi amalume.