Asisi, katoni imeneyo musampatse munthu

Asisi, mwafunsa chochita ndi katoni ya makaseti a malemu atate anu. Makaseti amenewo musampatse munthu aliyense kuti akakuikireni pa fulashi. Ngakhale akhale m'bale wanu wa bere limodzi. Awa akukuyankhani kuti pitani nayo m'tauni katoniyo, anyamata akuchitirani tsiku lomwelo, sanaone zimene ndinaona ine. Ndikulemba manja akunjenjemera.

Katoni yanga ndinaipeza mu 2019, amama akusamuka ku Matero mu Lusaka kubwerera kumudzi ku Katete. Inali pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa m'chitenje chakale. Munali mbale za galamafoni za atate, zikuluzikulu zija za 33 ndi ting'onoting'ono ta 45, zambiri zodindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola. Paul Ngozi, WITCH, Amanaz, ndi rumba ya ku Zaire imene amama ankati ndi nyimbo za kumowa. Atate anazigula m'zaka za m'ma 1970, nthawi ija a Kaunda analamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za kuno kwathu. Pansi pake panali makaseti anga a ku sekondale: kalindula wa P.K. Chishala ndi Amayenge, a Alleluya Band a ku Balaka amene amalume ankabwera nawo podzera pa Mwami, ndi ma TDK C90 amene ndinkajambula ndekha pa wailesi, chala chili pa batani kudikira kuti muulutsi atseke pakamwa. Imodzi inali ndi mawu a muulutsi wa mpira Dennis Liwewe mu 1994, timu yatsopano ya Zambia itafika fainolo ku Tunisia pasanathe n'chaka chomwe ndege ya timu yakale itagwa ku Gabon. Ndinakhala pansi pa simenti osadziwa kuti kunja kwada.

Koma imene ikundipweteka mpaka lero ndi imodzi yopanda chikuto. Atate analembapo ndi bolopeni, dzanja lawo lopendekeka lija, kuti Khisimasi 1988. Ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa aneba. Itangoyamba kuzungulira, atate akutsokomola, kenako akufunsa ngati chinthuchi chayamba kugwira mawu. Atate amene tinawaika m'manda ndili mnyamata, mawu awo ndinali nditawaiwala. Kumbuyo mbale zikugundana, agogo akuimba nyimbo ya chitelele ndi kuomba m'manja, mlongo wanga wamkulu, malemu nayenso, akuseka mpaka kutsamwa. Penapake atate akundikalipira ine kuti ndichotse manja pa wailesi. Ndinamva mbali yoyamba yokha. Tepi inayamba kulira ngati ikukakamira, ndinazimitsa msanga kuopa kuti wailesi ingaitafune. Mbali yachiwiri ndinati ndidzamva tikaisamutsa bwinobwino.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono, analipo tsiku limenelo. Anamva ndi makutu awo. Anaona amama akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Patapita masiku anabwera kunyumba ine ndili kuntchito, n'kuuza mayi a kunyumba kuti tagwirizana kale, akupita nayo katoni kwa mnzawo wa m'tauni amene amaika nyimbo pa fulashi. Sitinagwirizane chilichonse. Nditawaimbira anati mlamu musadandaule, ndikufuna ndikuchitireni chinthu chabwino, amama apite kumudzi ndi mawu a atate m'thumba. Kuyambira pamenepo ndi mawa, mawa. Lero malaiti athima, ndipo mukukumbuka mmene ankathimira chaka chimenecho madzi atachepa ku Kariba, ndiye bodza lake linkamveka ngati zoona. Mawa lake mnyamatayo wapita kumaliro. Kenako foni osayankha.

Fulashi inabwera usiku woti mawa amama akwera basi pa Intercity. Tinasonkhana tonse, ana, azakhali a ku Chawama, aneba aja anatibwereka wailesi. Amama anavala chitenje chatsopano ngati akupita kutchalitchi, anakhala pampando wa patsogolo penipeni pa sipika. Alamu analowetsa fulashi okha, akumwetulira. Nyimbo yoyamba inali ya Paul Ngozi, ndipo pomwepo m'mimba mwanga munatentha. Mbale ya atate inali ndi pokalika, singano inkadumpha pamalo amodzi, tonse m'nyumba tinkapadziwa, tinkaimba n'kudumpha nawo limodzi. Iyi inangodutsa bwinobwino, yoyera, popanda ngakhale kuthetheka kuja kwa mbale yakale. Ndinalanda rimoti. Yotsatira, yotsatira, yotsatira. Munali nyimbo zimene sitinakhalepo nazo, mpaka za ku Nigeria za masiku ano. Ndinafika kumapeto, ndinabwerera poyamba. M'chipinda munali zii. Amama anatembenuka n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Nanga atate anu alankhula nthawi yanji?" Sindinayankhe. Azakhali anayamba kutulutsa ana panja. Alamu akungoyang'ana foni yawo, ati mwina mnyamatayo waiwala foda ina. Amama anadikirabe, manja ali pa maondo, mpaka anadzuka okha kukamaliza kumanga katundu.

M'mawa nditawakweza basi ndinawagwira alamu kuti andiperekeze kwa mnzawoyo. Kantemba kakang'ono, laputopu imodzi ndi masipika. Makina oimbira kaseti analibe n'komwe, galamafoni analibe. Anandiuza osachita manyazi kuti iye amangowerenga mayina pa zikuto n'kutsitsa nyimbozo pa YouTube, ndi mmene amachitira ndi aliyense. Ndinafunsa za mbale. Anayang'ana alamu, alamu anayang'ana pansi. Mbale sizinagone n'komwe pa kantembapo, tsiku lomwelo alamu anapita nazo kwa bambo wina amene amagula zakale n'kumatumiza kunja. Nanga makaseti? Anati ankadya malo, opanda zikuto anataya kuseri. Ndinapita kuseriko. Ngalande yodzaza mabotolo ndi mapepala, ndipo m'matopemo munali tepi yabulauni yosololoka, yopiringizana, ana ataseweretsa. Ndinalowamo ndi nsapato za kuntchito, ndikutola tizidutswa ta pulasitiki kufuna dzanja la atate lija. Anthu ankandiyang'ana ngati wamisala. Sindinaipeze.

Ndipo alamu angawa ankadziwa chimene akuchita. Ankadziwa kuti mbale zoyambirira za Zamrock, nyimbo zija za a WITCH ndi anzawo, zikufunidwa ndi osonkhanitsa ku America ndi ku Ulaya, kuti kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, kuti a Jagari Chanda a WITCH akuimbanso m'mayiko akunja ali okalamba. Ankadziwa mtengo wake kuposa ine. Akanandipempha mbalezo, mwina tikanakambirana. Chimene sindidzamvetsa ndi choti anasiya kaseti ya banja m'manja mwa mlendo osatchula n'komwe kuti iyi yokha muisamale, pamene iye yemwe anamva agogo akuimba. Nditamufunsa anati, "Koma mlamu, nyimbo zake si zomwezo?" Ndalama sanandionetse ngakhale ngwee imodzi, ndipo sindikuzifuna. Akuluakulu a banja nawonso anandikhumudwitsa. Anatiitana pa bwalo ku Chawama, mapeto ake olakwa ndinakhala ine, ati ndisapasule banja la mlongo wanga chifukwa cha mapulasitiki. Mapulasitiki! Mpaka lero pamaliro amabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri, amadya nsima pafupi nane, sanapepesepo. Amama anamwalira osamvanso mawu a amuna awo.

Ndiye asisi mverani. Khuthulani katoniyo nokha, chitseko chotseka. Patulani kaye makaseti olembedwa pamanja ndi opanda dzina, amenewo ndiwo chuma. A oimba odziwika ambiri muwapeza pa intaneti, koma a pa ukwati, a kwaya ya kutchalitchi kwanu, kapena amene anthu ankatumizirana m'malo mwa kalata, kulibe kwina. Pamwamba pa kaseti yojambulira kunyumba pamakhala timano tiwiri ta pulasitiki m'makona, thyolani, ndiye kuti ngakhale mwana adine batani lojambula sangafufute kanthu. Yang'anani pakati pamene tepi imadutsa, payenera kukhala kansalu kofewa kakang'ono, ngati kagwa musaimbe kaye. Mukaona zoyera ngati ufa pa tepi, ndi nkhungu, imeneyo ikani padera isapatsire zinzake. Zungulizani ndi bolopeni pang'onopang'ono muone ngati ikuyenda momasuka. Wailesi imene yakhala zaka osagwira ntchito malamba ake amakhala atafooka, ndiyo imatafuna tepi, ndiye pukutani mutu wake ndi kagudumu ka labala ndi thonje la sipiriti, muyambe kuyesa ndi kaseti imene simukuifuna. Ikayenda bwino lumikizani chingwe kuchokera polowetsa mahedifoni kupita pa laputopu, pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yaulere, sungani ngati WAV, MP3 mupange pambuyo yotumizirana pa WhatsApp. Ngati zonsezi zakukanikani, ikani foni pafupi ndi sipika mujambule choncho. Ndikanakhala ndi zimenezo zokha bwenzi lero ndikugona. Ndipo ikayamba kuimba, jambulani ulendo woyamba womwewo, mbali zonse ziwiri. Mbale ngati zilimo ziimikeni chilili, kutali ndi malata, kutentha kwa Okutobala kumazipinda.

Komanso musakhale nayo nthawi yaitali mukuopa. Mwati muli ku Kanyama, tonse tikudziwa mmene madzi amalowera m'nyumba mvula ikayamba, ichotseni pansi pa bedi lero lomwe. Tepi imaonongeka yokha ngakhale osaikhudza. Kunena zoona, kusiyana n'kuti muiike m'wailesi yakale ya kunyumba n'kuidula nokha, bola mupite nayo kwa munthu wodziwa. Alipo madala okonza mawailesi m'makomboni amene amatha kulumikiza tepi yoduka, ndi anyamata oyendetsa zokuzira mawu m'matchalitchi ena. Muone makinawo ndi maso anu asanagwire kaseti, mupite ndi imodzi imodzi, mukhale pomwepo mpaka ithe, C90 ndi mphindi 45 mbali iliyonse, pirirani. Achibale musawauze kanthu za katoniyo. Koma amayi anu ngati ali moyo, ndi azakhali, aitaneni amve msanga, asadikire fulashi, ndiwo angakuuzeni amene akulankhula kumbuyoko ndi ndani.

Ine pambuyo pa zonsezi ndinagula deki yakale ya Sony yoimbira makaseti n'kuikonzetsa malamba, ili kunyumba ikugwira bwino. Ngati simupeza pena, ndilembereni ku inbox, mubwere Loweruka ndi achimwene anu kapena amuna anu, tijambule muli pomwepo, mubwerere nayo katoni yanu tsiku lomwelo. Mubweretse fulashi ziwiri.